Chaka chomwe ndinkalephera kukhala pansi

Zinayambira m'manja. Ine manja anga ndi olimba, ndakazinga zitumbuwa pamsika wa ku Kawale kuno zaka zambirimbiri, mafuta kundithovukira koma chiwaya osachigwetsa. Koma chaka chatha mu Juni, kukuzizira, ndinagwada kuti ndisambitse mlendo m'manja, manja n'kuyamba kunjenjemera mpaka jagi ndi beseni zonse pansi. Abambo akunyumba anaseka, amvekere, "Amake Chikondi, ukalamba uja wafika." Nanenso ndinaseka, koma mtima ukugunda ngati ndathamangira minibasi.

Mlendoyo anali amalume anga, achimwene awo a malemu mayi anga, ochokera kwathu ku Dowa. Anali ndi vuto la mkodzo, ndiye anawatumiza kuchipatala chachikulu kuno. Mukudziwa mmene zimakhalira, wakumudzi akadwala amafikira kwa m'bale wa m'tauni, ndipo safunsa n'komwe. Mwana wawo anangowasiya ndi kachikwama ndi nkhuku imodzi, iye n'kubwerera kukaona fodya wake. Nkhuku ija inali yolimba ngati tayala, inatimalizira makala, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Kuyambira sabata imeneyo ndinasiya kukhala pansi. Ndikati ndikhale, m'miyendo mumachita ngati mwalowa nyerere. Ndimasesa pabwalo posesa kale, kuchapa zovala zoyera, kutsuka mbale zotsuka. Kutauni ndinayamba kupita wapansi, osati kusowa ya minibasi ayi, kungoti mpando sindimaufuna. Tulo tinathawa. Chakudya chimangoima pakhosi, chitenje mpaka chinayamba kundizungulira kwambiri. Amalume akakhala pakhonde n'kupichira fodya wawo wa chingambwe, fungo lija likandipeza, nseru pompo. Kumsika zitumbuwa zinayamba kupserera ine nditaima pomwepo, maso ali pachiwaya.

Chimene chimandizunguza kwambiri chinali Tadala. Ameneyu ndi mdzukulu wanga, mwana wa Chikondi amene ali ku Joni, ndipo timakhala naye ife. Nthawi imeneyo anali Sitandade 5. Amalume ankakonda kumutuma, "Iwe mtsikana, tabwera nawo moto kuno." Ine ndikangomva choncho ndimakuwa kuchokera kukhitchini kuti asapite, mwana n'kumalira osadziwa chomwe walakwa. Ndinayamba kusiya malonda kukamuchingamira kusukulu kuti asafike kunyumba ine kulibe.

Ndinene pano chifukwa chake, poti pano ndimatha kunena. Inenso ndinali Sitandade 5 pamene anandichotsa sukulu kuti ndikalere mwana kwa amalume omwewa. Sukulu yanga inathera pomwepo. Akazi awo akapita kudimba kapena kuchigayo, amalume ankandigwirira. Sizinachitike kamodzi. Nditawauza mayi, ananditseka pakamwa ndi dzanja n'kunena kuti ameneyo ndiye mwini mbumba, ndikalankhula ndipasula mudzi. Ndiye ndinakhala chete. Nditakula, ankhoswe a ukwati wanga anali iwo omwewo. Kumaliro kumudzi ndimangowapatsa moni n'kudutsa, zimatheka. Koma tsopano anali m'nyumba mwanga, akugona chipinda choyandikana ndi cha mwana.

Ngakhale zinali choncho, ine sindinaganize kuti matenda anga akuchokera pamenepo. Ndinkati ndi bipi, poti anzanga onse amsinkhu wanga ali nayo. Kumayambiriro kwa Julayi ndinatenga buku langa lachipatala kupita kuchipatala chathu chaching'ono. Anandikweza pasikelo, kundimanga pamkono, kundibaya chala. Malungo ayi, shuga ali bwino, bipi yakwera pang'ono chabe. Anati ndichepetse mchere. Ndinachepetsa mpaka abambo anayamba kubisa mchere wawo m'thumba la jekete, koma palibe chinasintha. Mnzanga wogulitsa tomato anati alipo wandichita chipongwe pamsika chifukwa cha makasitomala. Amayi akumpingo anabwera kudzandipempherera, ndipo ndimawathokoza, madzulo amenewo mtima unatsikako. Kutacha, zomwe zija.

Mu Ogasiti ndinapitanso. Amene mumapita zipatala zathuzi mukudziwa kuti mzere umayenda pabenchi, wakutsogolo akalowa nonse mumasendera. Ine pabenchi ndimalephera. Ndimakhala pang'ono, kudzuka, kukazungulira kumpopi, pobwera malo atseka, n'kukayambanso kumbuyo. Anthu amene ndinafika nawo limodzi analandira mankhwala n'kupita. Dzuwa lili pamutu, anesi ena achikulire anatuluka n'kundikodola. Atatseka chitseko sanafunse n'komwe buku.

"Amayi, ndakhala ndikukuonani kuyambira m'mawa, simunakhale pansi. Kunyumba kwasintha chiyani?"

Ndinati palibe, kungoti kwabwera amalume. Nditangotchula choncho ndinayamba kulira, kulira kwenikweni, kwa mwana, ine mayi wa zidzukulu. Anesi aja sanandifulumize. Kenako anati pachipatala pomwepo pali aphungu amene amathandiza anthu ovutika maganizo ndi amene anachitidwa nkhanza, ndipo ndibwere Lachitatu. Ndinawafunsa ngati akuona kuti ndapenga. Anati ayi, amene akuona iwo ndi munthu wotopa ndi mantha.

Lachitatu lija ndinafika pageti n'kubwerera, ndinakagula anyezi amene sindimawafuna, kenako n'kupitanso. Kachipinda kake kali kuseri, kulibe mzere wautali, ndipo palibe amene amakufunsa kuti ukudwala chiyani anthu akumva. Aphunguwo ndi mtsikana wamsinkhu wa Chikondi wanga. Mumtima ndinati kamwana aka kandiuza chiyani ine. Tsiku loyamba ndinangowauza za kukwera kwa mafuta ophikira ndi za nkhuku ija, nditaima pawindo. Anandisiya. Anati mpando ulipo ndikaufuna, ndipo zonse zolankhula mmenemo zimathera mmenemo.

Ulendo wachiwiri ndinanena zonse. Mawu amene anandiyankha sindiwaiwala. "Amayi, munali mwana. Wolakwa si inu. Mantha amene munali nawo nthawi ija sanathe, anangogona. Mwini wake wabwera, ndiye adzuka." Ine zaka zonsezi ndinkaganiza kuti thandizo lotere ndi la atsikana amene zawachitikira dzulo, osati nkhalamba ya zinthu zakalekale. Anati alipo ambiri amene amabwera imvi zili mbuu.

Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga, kuponda pansi ndi mapazi onse, n'kumatchula zimene ndikuona, chiwaya, mbaula, dengu, mpaka mutu ubwerere pamene ndili. Poyamba ndimadziona ngati chitsiru, koma zimathandiza. Adokotala anandipatsa timapilisi tomwa kamodzi patsiku, anati sitigwira msanga ndipo ndisasiye ndekha. Timaumitsa kukamwa masabata oyamba. Aphungu anapemphanso kuti acheze ndi Tadala mwaulemu, ndipo tinapeza kuti palibe chimene chinamuchitikira. Tsiku limenelo ndinadya. Anandiuzanso kuti kupolisi kuli ofesi yoona za nkhanza ngati ndingafune kukadandaula, koma sanandikakamize. Chimene ananenetsa n'chakuti mwana asamatsale yekha ndi munthuyo, ndipo ine kuchira kundivuta ndikamagona naye nyumba imodzi.

Apa ndiye panali povuta. Ungachotse bwanji wodwala m'nyumba, wodwalayo ali ankhoswe ako, amuna ako osadziwa kanthu? Aphungu anati ndikhoza kubwera nawo abambo kuti tikambirane atatu. Ine ndinati ayi, abambo akaona chipatala amangoganiza za jakisoni. Ndinayenda wapansi kupita ku Biwi kumene amawotcherera mbaula ndi mafelemu a mawindo. Anali masana, phokoso la zitsulo lili ponseponse, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinalimba mtima. Ndinawaitanira kuseri kwa shedi n'kuwauza nditaima. Anavula magalasi awo akuda owotcherera.

"Ndiye ine ndakhala ndikumupatsa mpando wanga munthu ameneyu? Amake Chikondi, zaka zonsezi osanena bwanji?"

"Ndikanakanena kwa ndani, abambo? Kwa ankhoswe?"

Abambo anatseka shedi dzuwa likadalipo, zimene sanachitepo, tinakwera minibasi limodzi. Tili m'njira anaimbira mwana wa amalume kuti abwere adzatenge bambo ake, akawasungire kwa achibale ena ku Mgona, masiku a kuchipatala azichokera kumeneko. Mmawa mwake akutuluka ndi kachikwama kawo, amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wa mlongo wanga, ndakulakwira chiyani?" Ndinati, "Mukudziwa." Anayang'ana kumbali. Sanapepese, ndipo aphungu anali atandichenjeza kale kuti ndisadikire kupepesa kuti ndichire.

Musaganize kuti zinatha bwinobwino. Kumudzi ndinatchuka kuti tauni yandilowa m'mutu, ndathamangitsa wodwala. Mng'ono wanga weniweni mpaka lero foni yanga sayankha. Zimandiwawa, sindinama. Ndipo thupi silinachire tsiku lomwelo ayi. Mpaka mvula yoyamba ndinali ndikudzidzimukabe, ndikusesabe posesa kale. Zinkatsika pang'onopang'ono.

Pano mapilisi adokotala anandisiyitsa, bipi ili m'malo mwake, chitenje chikukwana ngati kale. Kwa aphungu ndimapita kamodzi pamwezi, ndipo pali kagulu ka amayi amene timakumana kumeneko, ena aang'ono, ena ondiposa ine. Timalira, komanso timaseka kwambiri, mungadabwe. Masiku ena wina akadutsa pamsika ndi chingambwe mtima umayambanso, ndiye ndimaponda pansi n'kuyamba kutchula chiwaya, mbaula, dengu. Tadala ndinamuuza mwa msinkhu wake kuti wina aliyense akamugwira mosayenera, kaya ndi wachibale kaya ndi wakumpingo, adzandiuze, ndipo ine sindidzamutseka pakamwa.

Inu amayi anzanga, ndi abambo omwe poti izi sizisankha, ngati mwayezetsa zonse n'kukuuzani kuti mulibe kanthu koma thupi likukanabe, musalimbane ndi mchere wokha ngati ine. Pitani msanga, mukafunse anesi kuti aphungu amapezeka tsiku liti. Zikhale za dzulo, zikhale za muli mwana, akakulandirani. Ngati zachitika kumene, musadikire n'komwe kuti kuche kawiri, pali mankhwala amene amafunika mwachangu.

Beseni lija lilipo, linaphwanyika m'mbali koma timasambiramo m'manja. Zonsezi ndalemba nditakhala pakhonde pomwe ankakhala amalume paja, pampando umodzi, osadzuka. Tiyi amene anandipangira Tadala ndamwa mpaka kutha akadali wotentha.