Amayi a Vitumbuwa ndi Filimu ya Wothamanga

Amayi ogulitsa vitumbuwa pafupi ndi kwathu ku Matero amayenda motsimphina, koma kale ankasewera netibo m'timu ya fakitale ya nsalu isanatsekedwe. Amakonda kunena kuti, "Mendo yanasila, koma mtima ukali mu gilaundi."

Loweruka lililonse amagwira dzanja Ba Mainess, mnzawo wa m'timu amene anasiya kuona, n'kupita nawo kumavidiyo kukawafotokozera zochitika.

Tsiku lina filimu inali ya mayi wachikulire amene anabwerera kumpikisano wothamanga. Mayiyo atagwa pafupi ndi mapeto, amayi a vitumbuwa aja ananong'oneza mnzawo kuti, "Wawina, mwana!"

Ba Mainess anaseka. "Boza iwe. Namvela ulila."

"Manje nikambe chani?"

"Niuze chabe ngati wanyamuka."