Mphaka Amene Anatisankha

Chaka chimene makoswe anatiboolera matumba a chimanga kwathu ku Limbuli, mphaka wina wamawangamawanga anatulukira m'munda wa tiyi n'kukhazikika kuseri kwa khitchini. Anali woonda ndiponso wolusa, moti ukamuyandikira ankakuonetsa mano. Amuna anga atamuona anatola mwala.

"Musiyeni, bambo," ndinatero. "Ameneyu watsata makoswe, alibe nafe mlandu."

"Nanga akatigwirira anapiye?"

"Mudzafunse ine."

Sindinalimbane n'zomugwira. Ndinkangomuikira mitu ya usipa paphale n'kumapita kumunda, ndipo pang'onopang'ono ndinkasendeza phalelo kufupi ndi khonde. Makoswe anachepa, anapiye onse anakula.

Mvula itayamba mphakayo anasowa. Amuna anga ankati wabwerera kutchire, koma ine ndinali nditaona mimba yake ndipo sindinade nkhawa. Tsiku lina masana ndikusankha nyemba pakhonde, ndinangoona uyo akudutsa ataluma kamwana pakhosi. Analowa m'nyumba, n'kukaika m'dengu la zovala, kenako anabwerera kukatenga kena. Atamaliza anadzikhula pamwendo panga koyamba.

Amuna anga anasuzumira m'dengumo, n'kusolola mosamala malaya awo a kutchalitchi. Zovala zinazo anamusiyira.