Mbale za amayi zitapita ku chinkhoswe

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mbale za amayi zinapita ku chinkhoswe ku Indianapolis. Tinkakhala ku South Bend, komwe amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Loweruka akaweruka, ankazungulira m'makomo mogulitsa katundu wakale, kusaka mbale zadothi za ku Mangalande, zoyera zojambulidwa ndi buluu: timilatho, mitengo yowerama, mbalame zouluka. Akapeza imodzi ankaitembenuza n'kuwerenga chidindo chakunsi, kenako n'kuigogoda ndi chala. Yopanda mng'alu inkalira ngati kabelu, ndipo nkhope ya amayi inkawala.

Tsiku lina kunabwera Anti Nabanda, amene anatisunga m'nyumba mwawo titangofika m'dziko muno. Anaima kutsogolo kwa kabati, manja ali m'chiuno.

"Izi ndizitenga, achemwali. Akuchimuna akaone kuti ife si anthu wamba."

Sanapemphe ayi. Amayi anazikulunga okha m'manyuzipepala, ndi tiyipoti yomwe.

Zinabwerako mu katoni yonunkha mafuta. Zambiri zinali zobenthuka m'milomo, mbale yaikulu ya nyama itasweka pakati, tiyipoti mulibe. Tinakaipeza Lamulungu lina titapita kukacheza kwa Anti ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis. Inali pashelefu, ataikamo maluwa apulasitiki.

"Tiyipoti iyo ndi ya amayi anga!" ndinatero pamaso pa alendo onse.

Anti sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa amayi. "Mwanayu mukumulera Chimereka eti?"

Amayi anandigwaditsa pakapeti kuti ndipepese. Ndikukumbukira fungo la anyezi wokazinga, ndi mmene makutu anga ankatenthera. Ndinapepesa nditaluma mano, Anti akumwetulira. Pobwerera amayi anadiraiva mpaka tinapitirira minda ya chimanga.

"Anatipatsa denga, Tadala," anatero pamapeto pake. "Munthu wotero sumufunsa za tiyipoti."

Kuyambira pamenepo sanagulenso mbale ina. Loweruka ankangogona, makatani ali otseka.

Lero ndine mayi wa ana anga, koma mkwiyo uja sunazirale. Amayi sindiwaimba mlandu. Ankaopa kutchedwa osayamika pakati pa Amalawi ochepa amene tinali nawo. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pali anthu amene amakuthandiza kamodzi kuti azikudyera moyo wako wonse. N'chifukwa chake mlendo wongofika kumene akakhala kwanga, tsiku lotsanzika ndimamuuza maso ndi maso: "Tathana. Pitani, ndipo musadzandigwadire."