Mfundo Zitatu pa Khosi la Tonde

Ndinapita ku chitengwa chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, kumudzi wa pamene Bua amathira m'nyanja. Idi itayandikira, apongozi anga aamuna anagula tonde wamakani, ndipo kamangidwe kake kanautsa mtsutso pakhomo.

Amuna anga ndiwo anayamba. Anamanga khwekhwe, mfundo yotsetsereka ija, naikoleka m'khosi. Tonde atakoka, chingwe chinathina, lilime panja, maso tong'o! Apongozi aakazi anathamanga nalo tsache m'manja.

"Mukufuna mbuziyi ife yokha, tisaidye?"

Ine ndinapinda chingwe pawiri n'kumanga mfundo imodzi, monga ndinkachitira ndi ndowa ya pachitsime. Siinathine khosi, ndiponso siinasunthe. Koma mvula itavumba, tonde akukokabe, inauma ngati mwala. Pofuna kumusamutsa ndinayesa zikhadabo, ndinayesa mano, mpaka tinadula ndi mpeni.

Apongozi aamuna, msodzi wakalekale, anadandaula ndi chingwe chawocho kenaka anaseka.

"Mayi, mfundo yanu ndi yolimba ndithu, koma ilibe chisoni. Taonani ya boti."

Anapinda chingwe ngati kakamwa, kulowetsa nsonga, kuizunguliza, n'kuibweza momwe inalowera. Amuna anga anaikoka atatsamira mtengo wa mango, koma ayi, inagwira. Kenaka apongoziwo anaikankha ndi chala chachikulu chokha, yomweyo mbwee! Tonse tinaomba m'manja.

Chimene anaiwala n'choti boti limakoka mosalekeza, pamene mbuzi imadumpha, kukoka n'kuleka. Chingwe chinali cha nayiloni, chatsopano, choterera. Masana ake tinapeza chingwe chili gone pansi, tonde ali m'munda wathu wa mpunga, akudya mosatekeseka. Tinamuthamangitsa anthu anayi, matope mpaka m'mawondo, apongozi atagwira kofia kuti isagwe.

Titakhala pakhonde, apongozi aakazi anati, "Paja masiku ano zonse n'zovota. Tiyeni tivote."

Aliyense anavotera yake. Iwo okha ndiwo anatsala, ndipo anakana kusankha pakati pa mwamuna, mwana ndi mtengwa. Anangotola chingwe, kumanga ya boti ija, n'kutenga nsonga yotsala kuimangirira ndi kamfundo kena kakang'ono.

Tonde anadumpha masiku asanu, khosi lili bwinobwino. Pa tsiku la Idi ndine ndinamasula, ndi zala ziwiri basi.