Lole ya K70,000 yomwe inandivula pagulu ku Malosa

K70,000. Ndi mtengo umene tinagwirizana. Ndibwereze kuti adalaivala a lole yoyera ija amve bwino: K70,000, kuchoka ku Malosa kukafika pa Naisi, kukweza ndi kutsitsa komwe.

Ndatha masiku anayi ndikulemba n'kumafufuta, chifukwa nkhaniyi ili ndi manyazi anga m'kati. Koma ndikakhala chete, mawa achitira wina.

Banja langa ndi bambo a Chisomo latha. Zifukwa zake ankhoswe akuzidziwa, si za pano. Chimene ndinkafuna n'kutuluka m'nyumba muja mwakachetechete. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya pasukulu, ndipo makolo ambiri kuderali amandidziwa nkhope. Ndiye ndinasankha dala Lamulungu, 9 koloko m'mawa, nthawi imene aneba amakhala ali kutchalitchi. Chisomo ndinamupititsiratu kwa achemwali anga ku Domasi Mission kuti asaone mayi ake akunyamula mabeseni.

Adalaivalawo ndinawapeza Lachitatu pasiteji. Ndinawaonetsa zithunzi pafoni: bedi, matiresi awiri, firiji yaing'ono, kabati ya mbale, tebulo, mipando inayi, matumba a zovala ndi ziwiya. Anaseka. Akuti, "Kakatundu aka? Thilipi imodzi basi madamu, musadandaule." Ndinawauza kuti chachikulu n'kusunga nthawi, ndipo chifukwa chake sindinawabisire. Ndinawaona kuti ndi munthu wamkulu, waimvi. Anagwedeza mutu n'kunena kuti zimachitika, iwo pakamwa pawo m'potseka. Ndinapereka dipoziti ya K20,000.

Lamulungu pofika 8 koloko katundu yense anali pakhonde. Bambo a Chisomo anadzitsekera kuchipinda, ndipo ndinawathokozera mumtima.

9 koloko, zii.

10 koloko ndinaimba. Akuti ali pa Songani, akubwera pompano. Kuchoka pa Songani kufika ku Malosa ndi ulendo wa maola awiri masiku ano?

11 koloko foni inangoitana mpaka kuduka.

Lole inatulukira nthawi ya 12:20. Ndendende pamene anthu akuweruka kutchalitchi, msewu utadzaza. Ndipo sinabwere mwaulemu ayi. Hutala katatu, kenako adalaivala anatulutsa mutu pawindo n'kufunsa azimayi amene ankadutsa, mokweza ngati akuitanira minibasi: "Kwa madamu akusamuka aja ndi pati?"

Azimayiwo analoza. Kenako sanapitirire. Anaima pansi pa mtengo wa mango uli pageti pathu, mabuku a nyimbo ali m'manja. Pakati pawo panali apongozi anga.

Ndinalimba mtima. Ndinati bola tikweze tizipita. Azibambo awiri amene anabwera ndi lole anakweza zonse mwachangu, mphindi makumi awiri basi, n'kumanga zingwe. Ine ndinatenga chikwama changa kuti ndikwere. Pamenepo m'pamene adalaivala anazimitsa injini, n'kutsika, n'kutsamira chitseko.

Akuti mtengo ndi K115,000.

Ndinaganiza kuti sindinamve. Anayamba kundiwerengera pazala. Firiji K15,000, akuti imafuna kuigwira ngati dzira. Okweza katundu K10,000 aliyense, akuti si ana awo kuti azigwira ulele. Dizilo K10,000 ina, akuti agula wodula kwa mavenda. Firiji imene anaiona pachithunzi Lachitatu inanenepa liti? Okwezawo ndinawaitana ndine? Ndipo bwanji zonsezi osazinena katundu ali pansi?

M'chikwama ndinali ndi K50,000 yotsala ija, ndi K12,000 ya ndiwo za sabata yonse. Nyumba yatsopano inali itadya kale lendi ya miyezi itatu. Ndinayandikira n'kuwanong'oneza kuti, "Bambo, chonde tiyeni tichoke kaye pano, tikakambirane kutsogolo." Ine kunong'ona, iwo kukuwa.

"Madamu, mukamathawa banja muzikonzekera! Kuthawa banja si kwaulere!"

Mawu amene ndinawauza mwachinsinsi pasiteji, anawamwaza pamaso pa apongozi anga, pamaso pa makolo amene mawa lake ndimayenera kuwalandira mu ofesi.

Ndinati ngati zili choncho sindiwonjezera. Anati chabwino, tsitsani. Mmodzi wa azibambo aja anakwera, anamasula chingwe, n'kuponya pansi thumba limene linali pamwamba. Linaphulika. Linali la zovala zam'kati. Zinamwazika pafumbi, zina zong'ambika, zina zosokedwasokedwa, zoti ngakhale pachingwe ndimayanika nditaphimba. Ndinagwada n'kuyamba kutola. Amayi a Tadala, aneba athu, anathamanga n'kuvula chitenje chawo chapamwamba, n'kuphimba. Mulungu awadalitse mayi amenewa.

Ndikadali chogwada, chitseko cha nyumba chinatseguka. Bambo a Chisomo anatuluka, atavala masilipasi. Sanandiyang'ane. Anapita kwa adalaivala n'kufunsa kuti, "Yowonjezerayo ndi zingati?" Akuti K45,000. Anatulutsa foni, anafunsa nambala, anatumiza. Anabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko.

Abale anga, mukudziwa kuwawa kwake? Pamaso pa ankhoswe ndinalumbira kuti m'nyumba muja ndituluka ndi zanga zokha, sinditengamo ngakhale tambala ya munthu. Ndiye ndinatuluka pa ndalama yake, anthu akuonerera.

Adalaivala atamva foni yawo ikulira, mano onse panja. "Mwaona madamu? Bambo abwino chonchi mukuwasiyiranji?" Ena anaseka. Apongozi anga sanaseke. Anatembenuka n'kumapita pang'onopang'ono, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kusekako.

Ndinakwera kutsogolo nkhope ili pamiyendo. Njira yonse mpaka pa Naisi adalaivala ankaimba muluzu. Potsitsa tinapeza galasi la kabati lasweka pakati. Akuti ndi mabampu, iwo sanapange msewu.

Lolemba ndinapita ku ntchito. Mayi wina wobwera kudzalipira fizi anandigwira mkono n'kunena kuti, "Pepani ndi zadzulo zija." Ndinalowa m'chimbudzi, ndinalira, ndinasamba kumaso, ndinabwerera padesiki. Madzulo ndinabwereka K45,000 ku banki m'khonde n'kuwatumizira bambo a Chisomo. Ndidzabweza ndi chiwongoladzanja, koma bola.

Ndiye dzulo, 4 koloko masana, foni. Adalaivala omwe aja, mawu okoma ngati palibe chinachitika. Akuti amafuna angondipatsa moni, ndipo ngati kuntchito kuli ena ofuna kusamuka ndiwapatse nambala yawo. Kenako akuti, "Komanso mukamabwerera kwa abambo mudzandiimbire, thilipi imeneyo ndidzakuchotserani."

Ndinadula.

Adalaivala, dzina lanu sinditchula, koma mukudzidziwa. Ndiyankheni. K45,000 ija inali ya firiji, kapena munaona kuti mayi amene ali pamanyazi sangakane? Munachedwa mwangozi, kapena munadikira dala kuti anthu achuluke? Mwana wanu wamkazi akanakhala kuti ndiye wagwada pafumbi paja, mukanaimba muluzu?

Inu mukufuna kusamuka kuno kwathu, kaya ndi Malosa, Domasi kapena Naisi, mverani ine. Mtengo ulembedwe pa meseji, ndipo mufunse ngati okweza ndi dizilo zili momwemo. Funsaninso kachiwiri katundu asanakwere, chifukwa akangomanga zingwe, mwini mawu ndi iwo. Musakhale nokha, itanani mlongo wanu kapena mnzanu aime pambali. Ndipo mavuto anu musamuuze wa lole. Muuzeni kochokera ndi kopita basi.

Thilipi yobwerera ija, adalaivala, musaidikire.