Tsabola m'diso la Tadala

Ku Zingalume kulibe mkamwini waulemu ngati ine, makamaka ndikalakwa.

Tsiku lina amake Tadala anapita kukakumba mtedza, nandisiyira mwana wathu wa zaka ziwiri. Ndinali nditangosinja tsabola wa kambuzi pamene Tadala anabwera mamina ali chuchuchu. Ine, bambo wachikondi, ndinamupukuta kumaso ndi dzanja lomwelo. Kulira kwake kunamveka mpaka kudimba, diso lili psuu.

Apongozi anafika akuthamanga. "Chamuchita n'chiyani mwanayu?"

Mwambo umati mkamwini sayang'anana ndi apongozi m'maso. Tsikulo ndinausunga mwambowo kuposa mwamuna aliyense m'Chadiza. Ndinangowerama, pakamwa ndatseka.

"Ndi matenda a maso aja a ana a kwa a Phiri," anagamula okha, napita kukawalalatira aneba osalakwawo pabwalo pawo. Pobwerera anafuna kumudonthezera Tadala m'diso mkaka wa m'mawere wopempha kwa mayi wina woyamwitsa, koma amake Tadala, amene anali atabwerako, anakana, nati titengere mwana kukiliniki panjinga.

Anamwino anatsuka disolo ndi madzi ambiri, nafunsa, "Chilipo chinalowamo, bambo?"

"Mwina fumbi," ndinatero ine, mkulu wa kwaya ya Akatolika.

Diso linayera. A Phiri mpaka lero satipatsa moni.

Lamulungu lotsatira amake Tadala anandibweretsera kambale ka tsabola kochokera kwa apongozi.

"Amayi akuti uyu ngwa pakamwa," anatero. "Akutinso musambe m'manja."