Bedi la Pafupi ndi Nthochi

Ndinaganiza zochoka chaka chimene matimati onse anafota m'dimba la bambo anga, kumunsi kwa Benga. Tinkawabzala pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka chifukwa ndi amene ankayenda malonda. Mkazi wanga Asiyatu anali ndi pakati, m'nyumba mulibe kanthu. Ndinagula khadi la chipani kuti asandivutitse m'njira, n'kuuyamba ulendo wa ku Halale.

Ntchito ndinaipeza kwa dona wina wachizungu, yosamalira dimba la kuseri kwa nyumba yake. Donayo sankabzala kanthu asanayeze dothi. Ankalithira m'botolo la madzi a mvula, kukhutchumula, n'kuviikamo kapepala. Kakafiira ankati dothi lawawasa, ine n'kuwazapo laimu. Pochoka kabichi tinkabzala nyemba, pochoka nyemba anyezi, ndipo matimati sankabwerera pa bedi lawo mpaka patapita zaka zitatu. Tsiku limene ndinamvetsa chifukwa chake ndinakhala pansi pakati pa mabedi. Bambo anga anali atamwalira kale, akukhulupirirabe kuti wina anatilodzera dimba.

Ndinkakhala ndekha m'kachipinda ka antchito. Mwezi wa Ramadhani ndiye unkandiwawa: kumasula kusala kudya ndi buledi ndi tiyi, mtima uli pa futali wa chinangwa wa Asiyatu. Ndalama ndinkatumiza ndikapeza munthu wopita kumudzi, koma chaka china chathunthu sindinatumize kalikonse. Zinathera ku suti ndi wailesi, ndipo manyazi anandiletsa ngakhale kulemba. Nditayambiranso, makalata anga ankadzaza ndi malangizo a dimba. Mlamu wanga, amene ankamuwerengera Asiyatu, ankandiyankha mwachidule: "Akuti amva."

Ndinabwerera kumudzi nkhondo itakula ku Halale, patatha zaka khumi ndi chimodzi. M'sutikesi munali kachitini ka timapepala toyezera dothi. Mwana wanga Mariamu, amene ndinali ndisanamuonepo, anandigwadira chapatali ngati mlendo.

M'mawa mwake tinatsetsereka kudimba ndi Asiyatu. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Mpiru, therere, nyemba, matimati olemera mpaka kuwachirikiza ndi bango. Ndinatulutsabe botolo langa. Iye anawerama, natapa dothi, kulifinya m'manja, n'kulinunkhiza.

"Apa pakufunika phulusa la mankhusu a mpunga. Musavutike ndi botolo, bambo a Mariamu."

Ndinaviikabe kapepala. Kanafiira pang'ono.

"Ndiye kuti makalata anga aja anakuthandizani?" ndinafunsa.

"Anandipeza nditasintha kale. Chaka chimene munangoti zii chija, mwana akadadya chiyani? Ndinayesa apa, zakanika, ndayesa apo."

Sananene mokwiya ayi. Anapitiriza kuyenda, akuloza ndi chala: apa panafika madzi chaka chimene nyanja inasefukira, apa ndimakwirira matumbo a nsomba, apa kabichi amakana. Bedi lililonse ankalidziwa mbiri yake. Ine mabedi amene ndinkawadziwa chomwecho anali a dona uja, ndipo ndinali nditawasiya kutali. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti kwathu kwangokhala kundidikira kuti ndidzakonze zinthu.

"Nanga ine ndigwire pati, mayi a Mariamu?"

Anaganiza kaye, akupukuta manja pa chitenje.

"Bedi la kumapeto lija, pafupi ndi nthochi. Chaka chatha munali matimati."

"Ndiye mulowe nyemba."

"Eya," anatero akumwetulira koyamba chibwerere changa, n'kundipatsira khasu lake. "Muyambire pamenepo, tione."